CIMBALE CA NYIMBO: KAPANGIDWE KACE NDI MWINI WACE

Pamene Akonzi a magazini yathu anapempha kuti tiyambe kupereka nkhani, ine ndinaganiza zolemba za dimba lathu la ndiwo zamasamba limene liri kuseri kwa nyumba yodyera. Koma ndinasintha maganizo cifukwa ca mkangano umene unabuka m'nyumba yathu yogona, umene unatsala pang'ono kutidanitsa ine ndi mnzanga wapamtima. Mkanganowo unayamba ndi mbiri ya woimba wa ku America, koma unathera pa kapepala kamene mnzangayo anabisa pansi pa pilo wace.

Titabwerako ku chuthi m'September 2025, atsikana amene kwao ndi m'tauni anafika ndi mbiri yakuti Taylor Swift adzaturutsa cimbale catsopano pa 3 October. Iye analengeza zimenezi m'August, nachula dzina la cimbaleco, The Life of a Showgirl, nanena kuti mudzakhala nyimbo 12. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anamvako nyimbozo, pakuti zinali zobisika. Paja pano malamulo sabvomereza mafoni, motero tinangokhalira kuwerenga masiku ndi kuchera khutu ku wailesi ya m'holo Loweruka madzulo.

Usiku wina mwana wa Fomu 1 anafunsa kuti, "Kodi ngati nyimbozo anaziimba kale, akudikiranji? Osangozipereka ku wailesi lero bwanji?" Tonse tinamseka, koma kunena zoona panalibe amene anatha kumyankha. Ine ndinacita manyazi, ndipo ndinayamba kufufuza m'nyumba yowerengera mabuku, pa makompyuta a sukulu, ndi kwa Aphunzitsi amene atsogolera kwaya yathu. Zimene ndinapeza ndizo ndifuna kukufotokozerani.

DZINA LAKUTI CIMBALE

Poyamba tiyeni tione kumene dzinali linacokera. Kale nyimbo zinkamvedwa pa galamafoni, ndipo zinkasungidwa pa mbale zakuda zimene zinkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Mbali imodzi ya mbale yotere inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wofuna nyimbo zambiri za woimba mmodzi ankagula mbale zingapo zoikidwa m'buku la matumba, lofanana ndi buku losungiramo zithunzi. Buku lotere pa Cingerezi alicha album, ndipo dzinalo linakhalirira kufikira lero. Ife pa Cicewa tinatsata maonekedwe a cinthuco, ndi kucicha cimbale.

M'caka ca 1948 kampani ya Columbia Records inaturutsa mbale yatsopano yozungulira pang'ono-pang'ono, ka 33 ndi kacigawo pa mphindi imodzi. Mbali imodzi ya mbale iyi inkatha kuimba mphindi zoposa 20. Kuyambira pamenepo woimba anatha kuika nyimbo khumi kapena khumi ndi ziwiri pa mbale imodzi. Pambuyo pace kunabwera makaseti, ndipo m'caka ca 1982 kunabwera CD. Lero anthu ambiri amvera nyimbo pa intaneti osagwira mbale iri yonse, koma utali wa cimbale sunasinthe kweni-kweni, ndipo dzina lija liripobe.

M'MENE CIMBALE CIPANGIDWIRA

Nchito yoyamba ndiyo kupeka. Oimba ena amapatsidwa nyimbo zopekedwa ndi anthu ena, koma alipo ena amene amapeka okha mau ndi maimbidwe ace, nthawi zina mothandizana ndi mnzao. Taylor Swift ndi wa gulu laciwirili, ndipo mukumbukire mfundo imeneyi cifukwa tidzaifuna kutsogoloku. Wopeka amalemba nyimbo zambiri koposa zimene zidzalowe m'cimbale, ndipo zina zimatsala m'kope.

Nchito yaciwiri ndiyo kujambula mau m'situdiyo. Ine ndinkayesa kuti oimba onse amaima pamodzi monga ticitira pa kwaya, naimba kamodzi basi. Si m'mene amacitira kawiri-kawiri. Ng'oma amazijambula pazokha, gitala payekha, piyano payekha. Woimba amalowa m'kacipinda kosalola phokoso la kunja, nabvala zomvera m'makutu, naimba ndime imodzi kambiri-mbiri. Pamenepo katswiri woyang'anira nchitoyo, amene amamcha producer, amasankha pamene panamveka bwino koposa ndi kulumikiza. Pa cimbale cimene tinkadikiraco, akatswiri ace anali Max Martin ndi Shellback, anthu a ku Sweden. Woimbayo ankapita kukagwira nao nchito kumeneko m'caka ca 2024, pa masiku opuma a ulendo wace waukuru woimba m'maiko a ku Europe. Taonani tsono, nyimbo zimene ife tinkaziyembekeza m'October 2025 zinayamba kujambulidwa caka cathunthu m'mbuyomo.

Nchito yacitatu ndiyo kusakaniza. Katswiri wina amatenga mau onse aja, amene akhoza kukhala makumi-makumi, nakweza ena, natsitsa ena, kuti ng'oma zisamize mau a woimba. Pomaliza wina amasalaza nyimbo zonse kuti zimveke mofanana kuyambira yoyamba kufikira yotsiriza, pa wailesi yaing'ono ndi pa zokuzira mau zazikuru pomwe. Cimene cituruka pamenepa acicha masitala. Ico ndico cojambulidwa ceni-ceni, ndipo cimbale ciri conse ca m'sitolo ndi nyimbo iri yonse ya pa intaneti ndi zokopera kwa ico.

Nchito yacinai ndiyo imene iyankha funso la mwana wa Fomu 1 uja. Mwina mudzadabwa kumva kuti mbale zakuda zija zinabweranso. M'caka ca 2022 ku America zinagulidwa zambiri koposa ma CD, cinthu cimene cinali cisanacitikenso kuyambira 1987. Kupanga mbalezi si nchito ya tsiku limodzi. Amayamba adula mizere ya mau pa mbale yofewa, napangirapo cidindo ca citsulo, ndipo cidindoco cimapsinja pulasitiki wotentha, mbale imodzi-imodzi. Mafakitale a nchito iyi ndi owerengeka, motero woimba ayenera kuitanitsa padakali miyezi. Pamene mbale zirinkupangidwa, ena ajambula zithunzi za pa cikuto, ena akonza filimu ya nyimbo, ena atumiza katundu ku masitolo. Nthawi yonseyi nyimbo azisunga mobisa, cifukwa wina akaziba ndi kuziika pa intaneti tsiku lisanafike, anthu adzazimvera mwaulere ndipo nchito yonse ija idzalowa m'madzi.

Palinso cifukwa ca malonda. Kulengeza msanga kumapatsa anthu nthawi yolankhula za cimbaleco ndi kulipiriratu, monga momwe ife tinkalankhulira usiku uli wonse. Komabe si lamulo. M'July 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, woimba yemweyu analengeza cimbale cace ca Folklore tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwace cinali citaturuka.

CIFUKWA NINJI LACISANU?

Mukayang'ana pa kalendala mudzaona kuti 3 October 2025 linali Lacisanu. Sizinangocitika. Kale dziko liri lonse linali ndi tsiku lace: ku Britain zimbale zinkaturuka Lolemba, ku America Laciwiri. Koma intaneti itafala, cimbale cikaturuka m'dziko limodzi, anthu a m'maiko ena ankacikopera mwakuba cisanafike kwao. Cotero m'July 2015 makampani a nyimbo anapangana kuti dziko lonse lapansi liziturutsa Lacisanu.

Magazini ya Billboard ku America imawerenga zimbale zogulidwa kuyambira Lacisanu kufikira Lacinai lotsatira, ndi kuika oimba pa mndandanda monga aphunzitsi atiika ife pa mayeso. M'caka ca 2014 inayamba kuwerengeranso nyimbo zomvedwa pa intaneti, ndipo pa nthawiyo nyimbo zikamvedwa ka 1,500 ankati ndiye ngati cimbale cimodzi cagulidwa. Mlungu woyamba ndiwo uonetsa mphamvu ya woimba. M'November 2015 Adele, woimba wa ku Britain, anagulitsa zimbale zoposa 3 miliyoni za 25 pa mlungu woyamba ku America. The Life of a Showgirl citaturuka, cinaposa ciwerengero cimeneco ndi kufika pa 4 miliyoni.

MWINI NYIMBO NDANI?

Tsopano ndafika pa mutu weni-weni wa nkhani yanga. Ambiri a ife timayesa kuti amene waimba nyimbo ndiye mwini wace. Koma pa lamulo, m'nyimbo imodzi muli cuma ca mitundu iwiri. Coyamba ndi copekedwaco, ndiko kuti mau ndi maimbidwe ace. Caciwiri ndi cojambulidwa, masitala uja. Aphunzitsi a kwaya anandifanizira motere: copekedwa ndi mbeu, cojambulidwa ndi cimanga cimene cakololedwa kale ndi kuikidwa m'nkhokwe. Mbeu ikhoza kukhala yako, koma ngati unalima m'munda wa mwini pa pangano lakuti zokolola ndi zace, nkhokweyo si yako.

Taylor Swift anabadwa m'caka ca 1989 ku Pennsylvania. Ali ndi zaka 14 banja lace linasamukira kufupi ndi mzinda wa Nashville, kumene kuli makampani ambiri a nyimbo. M'caka ca 2005, ali ndi zaka 15, wamng'ono koposa ine amene ndirinkulemba, anacita pangano ndi kampani yatsopano ya Big Machine Records, ya Scott Borchetta. Pa panganolo masitala onse anali a kampani. Tisafulumire kunena kuti kampaniyo inamubera. Mapangano ambiri a nthawiyo anali otero, cifukwa kampani ndiyo imalipira situdiyo, akatswiri ndi kulengeza malonda, pamene sidziwa ngati mwana wosachukayo adzabweza ndaramazo. Oimba ambiri sazibweza.

Iye anazibweza kambiri-mbiri. Pakati pa 2006 ndi 2017 anaturutsa zimbale zisanu ndi cimodzi: Taylor Swift, Fearless, Speak Now, Red, 1989 ndi Reputation. Pangano litatha m'caka ca 2018, anasamukira ku Republic Records, kumene anabvomerezana kuti masitala a zimbale zatsopano adzakhala ace. Lover, ca m'caka ca 2019, ndico cinali coyamba cotere. Koma zakale zija zinatsalira. M'June 2019 kampani ya Big Machine inagulidwa ndi kampani ya Scooter Braun pa mtengo umene manyuzipepala anati unali pafupi madola 300 miliyoni, ndipo masitala aja anapita pamodzi. Woimbayo anadandaula poyera kuti kwa zaka zambiri anapempha mwai wogula nchito yace osaupeza. Mwini wa Big Machine anayankha kuti anampatsa njira yopezera masitalawo ngati akadabvomera pangano latsopano. M'caka ca 2020 masitalawo anagulitsidwanso kwa kampani ina, ya Shamrock.

Apa ndi pamene mfundo ija ndinati muikumbukire inagwira nchito. Popeza iye ndiye anapeka nyimbozo, mbeu inali idakali m'manja mwace. Pangano lakale linamletsa kuzijambulanso kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo itatha analowanso m'situdiyo naziimba kaciwiri, mofanana ndithu ndi poyamba. Fearless ndi Red zinaturukanso m'caka ca 2021, Speak Now ndi 1989 m'caka ca 2023. Pa dzina la cimbale ciri conse anaonjezapo mau akuti Taylor's Version, ndiko kuti ca mwini wace Taylor, naikamonso nyimbo zimene zinatsala m'kope nthawi yoyamba. Omkonda anagula zatsopanozo, ndipo zinai zonse zinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard. Komanso wofuna kuika nyimbo m'filimu kapena m'zolengeza malonda ayenera kupempha kwa eni onse awiri, motero wopeka anali ndi mphamvu yobvomera cojambulidwa catsopano ndi kukana cakale. Potsiriza, pa 30 May 2025, analengeza kuti wagula masitala ace onse asanu ndi limodzi kwa a Shamrock.

Werengani zakazo, anzanga. Kucokera 2019 kufikira 2025 ndi zaka zisanu ndi cimodzi. Munthu ameneyu ndi wacuma, ali ndi maloya, ndipo pa mphoto za Grammy analandira mphoto ya cimbale copambana ca caka kanai, m'zaka za 2010, 2016, 2021 ndi 2024. Ngati iye anabvutika cotero kuti abweze cimene anasaina ali ndi zaka 15, nanga mwana wa sukulu wa kuno kwathu angatani?

KAPEPALA KA PANSI PA PILO

Mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa amapeka nyimbo. Sindidzamchula dzina, koma ambiri munaimva nyimbo yace pa tsiku la makolo, ndipo munaona amai ena akupukuta misozi. Pa chuthi bambo wina amene ali ndi kasitudiyo kwao kwa mnzangayo anamuuza kuti adzamjambulira nyimboyo popanda kulipira, bola asaine pepala. Mnzanga anabwera nalo pepalalo ku sukulu kuti akalibweze losaina pa chuthi cotsatira.

Usiku umene ndinafotokozera anzanga za masitala, iye anakhala cete. Nyali zitazimitsidwa anandinong'oneza kuti, "Iwe, mawa undiwerengereko kapepala kena." M'mawa mwace tinakawerenga kuseri kwa malo ocapira. Kanali ka Cingerezi cobvuta, masamba awiri. Tinamvapo kuti mau, maimbidwe ndi cojambulidwa zidzakhala za bamboyo mpaka kale-kale, ndi kuti mnzanga sadzaloledwa kujambulitsa kwina kwa zaka zisanu. Za ndarama zimene iye adzalandire panalibe mau ndi amodzi omwe.

Ndinamuuza kuti, "Usasaine. Taylor Swift anataya nkhokwe yokha, koma iwe uti utaye ndi mbeu yomwe."

Iye anapsa mtima. "Iwe uli ndi nsanje," anatero. "Kodi ine ndarama za situdiyo ndizitenga kuti? Uyo wako wa ku Americayo bambo ace anali ndi cuma. Ine nyimbo yanga ikapanda kujambulidwa idzafera m'kope."

Sitinalankhulane masiku atatu, ndipo ndibvomere kuti mau acewo anali ndi nzeru. Nkwapafupi kuuza mnzako kuti akane mwai pamene mwaiwo suli wako. Tsiku lacinai tinabvomerezana kupita kwa Aphunzitsi a kwaya.

Iwo anawerenga pepala lija kawiri, nabvula magalasi, nati, "Atsikana inu, mwacita bwino kubwera. Safunsa anadya phula." Anatiuza kuti tisamyese wakuba bamboyo, pakuti makina ndi magetsi amalipira ndi iye, ndipo ayenera kupezapo kanthu. Koma anati mtengo umene afuna ndi waukuru koposa nchito yace. Anatiphunzitsa mafunso atatu ofunsa pa pepala liri lonse lotere. Loyamba, kodi ndirinkupereka ciani, cojambulidwa cokha kapena copekedwa comwe? Laciwiri, kodi ndi kwa zaka zingati? Lacitatu, kodi nyimboyo ikapeza ndarama, gawo langa ndi lotani, ndipo ndidzadziwa bwanji? Anaonjeza kuti mwana wa zaka 16 asamasaine pangano popanda makolo, ndi kuti wopeka azilemba nyimbo zace m'kope pamodzi ndi tsiku limene wazipeka. Anatiuzanso kuti kuno ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1992, limene limatolera ndarama kwa ogwiritsa nchito nyimbo, monga nyumba za wailesi, ndi kuzigawira eni ace. Munthu amene wapereka umwini wace wonse kwa wina sadzakhala ndi gawo pa ndarama zotere.

Pa chuthi ca Khirisimasi amalume ace a mnzanga anapita kwa bambo uja kukapempha kuti nyimbo ikhale ya mwana, ndi kuti pa cojambulidwa agawane pakati. Bamboyo anakana, ndipo pepala silinasainidwe. Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinatha bwino. Nyimboyo sinajambulidwe. Mnyamata wina wa kwao komweko anasaina pepala lotere, ndipo nyimbo yace inamveka pa wailesi. Tsiku limenelo mnzanga anaturuka m'holo osanena kanthu, ndipo ine sindinadziwe comuuza. Koma tinayanjananso, ndipo iye anayamba kusunga ndarama zimene apeza pothandiza amai ace kugulitsa mandasi pa chuthi, kuti akalipire yekha situdiyo tikamaliza mayeso. M'kope mwace muli nyimbo zisanu ndi ziwiri, iri yonse ndi tsiku lace pamwamba.

Tsono anzanga, pa sukulu pano tiri ndi oimba, olemba ndakatulo ndi ojambula zithunzi. Ena a inu mudzapatsidwa mapepala otere musanafike zaka makumi awiri. Sindikunena kuti muzikana onse, pakuti popanda makampani ndi masitudiyo nyimbo zambiri zimene tizikonda sitikadazimva. Ndingoti muziwerenga kufikira mzere wotsiriza, ndi kufunsa wamkuru amene sapindulapo kanthu pa panganolo. Ndithokoza Aphunzitsi a kwaya pondithandiza, mnzanga pondilola kulemba nkhani yace, ndi mwana wa Fomu 1 uja, amene tinamseka kwabasi pamene funso lace linali lanzeru koposa ife tonse.

Ndatha ine wanu,
Mtsikana wa Fomu 4.